Sukulu ya m'mudzi isanakhale ndi njerwa: mmene masukulu ang'onoang'ono a ku Zomba anayambira

Masukulu ambiri a pulayimale m'boma la Zomba ali ndi chikwangwani m'mbali mwa msewu, ndipo pansi pa dzina ndi nambala ya bokosi la kupositi pamakhala chaka chimene akuti sukuluyo inakhazikitsidwa. Chaka chimenecho sichikhala chabodza, koma kawirikawiri chimafika mochedwa. Chimakhala chaka chimene boma linalemba sukuluyo m'kaundula wake, kapena chimene linayamba kulipira aphunzitsi, kapenanso chimene mdadada woyamba wa njerwa zootcha unafoleredwa. Pamene zimenezi zinkachitika n'kuti ana a m'mudzimo ataphunzira kale kwa zaka zambiri, mwina pamalo omwewo, mwina kutsidya kwa mtsinje, m'kachisakasa ka udzu kamene lero palibe angaloze pamene kanali. Zaka zoyambirirazo ndi zimene ndikufuna tizione bwino, chifukwa ndi mmene muli yankho la funso limene anthu amakanganirana mpaka pano pamisonkhano ya makolo: kodi sukuluyi mwini wake ndani, mpingo, boma kapena mudzi?

Tiyambire ku Zomba wa m'zaka za m'ma 1870 ndi 1880. Dera lozungulira mapiri a Zomba ndi Malosa, kutsetserekera kuchigwa cha nyanja ya Chilwa, linali la Anyanja kuyambira kale, koma pofika nthawiyi mphamvu zinali m'manja mwa mafumu achiyao monga Malemia. Inali nthawi yosautsa. Malonda a akapolo anali asanathe, ndipo mu 1884 Angoni a Chikusi anawoloka Shire n'kudzathira nkhondo kumapiri kuno, moti anthu ambiri ankamanga midzi yawo m'mapiri pothawa. Amishoni oyamba kufika kufupi ndi dera lino anali a UMCA, bungwe la mishoni la mpingo wa Anglican, amene anakhazikika ku Magomero mu 1861 motsogozedwa ndi Bishopu Charles Mackenzie, koma bishopuyo anamwalira mu 1862 ndipo ntchitoyo sinakhalitse. Amene anazika mizu anali a Church of Scotland. Iwowa anayamba mishoni ya Blantyre mu 1876, kenako mu 1884 Alexander Hetherwick anatsegula mishoni ya Domasi m'dziko la mfumu Malemia. Boma la atsamunda linadzakhazikitsa likulu lake ku Zomba mu 1891, Domasi ili kale ndi ana asukulu. Ndipo boma lomwelo linadzatsegula dipatimenti ya maphunziro mu 1926. Kuchokera mu 1884 kufika mu 1926 ndi zaka 42. M'zaka zonsezi masukulu a m'midzi ankabadwa, kukula, kufa ndi kudzukanso popanda ofesi iliyonse ya boma yowayang'anira.

Mzungu wa pamishoni sankapita kukaphunzitsa m'mudzi. Amishoni anali ochepa, ankadwala malungo pafupipafupi, ndipo anali ndi chipatala, tchalitchi, munda ndi sukulu ya pasiteshoni zoti aziyang'anire. Njira imene inagwira ntchito inali yotuma. Mnyamata amene wakhala pamishoni zaka zingapo, wadziwa kuwerenga bwino, kulemba ndi masamu pang'ono, ndipo wabatizidwa, ankapatsidwa mabuku ochepa, choko ndi tchati cha zilembo, n'kutumizidwa kumudzi umene wavomera kumulandira. David Clement Scott, amene anatsogolera mishoni ya Blantyre kuchokera mu 1881 mpaka 1898, ankakhulupirira kwambiri kuti ntchito ya mpingo iyenera kusenzedwa ndi eni dziko, ndipo mzimu umenewo ndi umene unabala abusa oyamba achikuda a mishoniyi, Harry Kambwiri Matecheta ndi Stephen Kundecha, amene anadzozedwa mu 1911. Awiriwa mayina awo analembedwa ndipo timawakumbukira. Koma pansi pawo panali khamu la aphunzitsi a m'midzi amene mayina awo ambiri sanalowe m'buku lililonse la mbiri, ndipo ndi iwowa amene anatseguladi masukulu amene tikukambawa.

Sukulu sinkangotera pamudzi. Choyamba pankafunika mawu a mfumu, ndipo mfumu sinkayankha yokha. Kuno kwathu kwa chikamwini nthaka imayendera mbumba, kotero malo omangapo sukulu ankachoka m'munda wa banja linalake, ndipo amayi akuluakulu a mbumbayo pamodzi ndi mwinimbumba ankayenera kuvomera. Izi zokha zimatiuza zambiri. Kusukulu kulikonse kwakale kuli banja limene linataya gawo la munda wake kuti ana a eni aphunzire, ndipo mikangano ya malire imene timaimva lero, pamene zidzukulu zikulima mpaka m'mphepete mwa bwalo la mpira, gwero lake limakhala mgwirizano wapakamwa wa nthawi imeneyo, umene mboni zake zinali mtengo wa mango ndi chulu.

Malo akapezeka, ntchito yonse inali ya mudzi. Abambo ankadula mitengo ndi nsungwi, kukumba mayenje, kuimika nsichi ndi kumanga phaso ndi luzi. Amayi ankamweta udzu, kutunga madzi, kuponda dothi, kumata zipupa ndi kuzira pansi. Mipando inali mitengo yogoneka pa mphanda kapena timizere ta dothi toumbidwa pansi. Pambali pankamangidwa nyumba ya aphunzitsi, ndipo ankapatsidwanso kamunda, chifukwa malipiro ochokera kumishoni anali ochepa zedi moti munthu sakanadyera okhawo. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga la sukulu ya udzu linkafuna kusenzedwa mobwerezabwereza: chiswe chikadya nsichi, kapena mphepo ya mvula yoyamba ikasasula udzu, anthu omwewo ankabwereranso kudzakonza. Mudzi ukatopa, sukulu inkagwa, ndipo palibe wina wochokera kunja amene ankabwera kudzaidzutsa.

Nyumba imeneyi inali ndi ntchito ziwiri. Mkati mwa sabata inali sukulu, Lamulungu inali nyumba yopemphereramo, ndipo munthu woimirira kutsogolo anali mmodzi yemweyo. N'chifukwa chake m'midzi yambiri ya ku Zomba tchalitchi ndi sukulu zimayang'anizana, ndipo manda a Akhristu oyamba sakhala patali. Ku mpingo wa Chipresibiteriyani, umene kuyambira mu 1924 unakhala CCAP, wachinyamata wofuna ubatizo ankayembekezeka kudziwa kuwerenga Mawu yekha, kotero kulowa sukulu ndi kulowa kalasi ya mpingo zinali njira imodzi. M'kalasimo simunali ana okhaokha. Munkapezeka anyamata a ndevu ndi abambo apabanja atakhala pamtengo umodzi ndi tiana ta zaka zisanu ndi ziwiri, onse akuimba a e i o u, kenako ba be bi bo bu, mpaka zilembo zitagwirana n'kukhala mawu.

Zipangizo zinali zochepa. Wongoyamba ankalemba ndi chala pamchenga, wopita patsogolo n'kupatsidwa sileti, ndipo pepala linali la okhawo amene afika patali. Mphunzitsi mmodzi sakanatha kugwira magulu onse nthawi imodzi, ndiye ankasankha ophunzira ochangamuka kuti akhale amonitala, aziphunzitsa anzawo zimene iwo anaphunzira chaka chatha. Ambiri mwa aphunzitsi a m'badwo wotsatira anayambira pa umonitala pomwepa. Maphunziro ake anali kuwerenga, kulemba, masamu, katekisimu, nyimbo ndi ntchito zamanja. Ku Domasi chiyankhulo cha Chiyao chinali ndi malo aakulu poyamba, ndipo Hetherwick mwini anachiphunzira n'kuchilembera mabuku, koma m'kupita kwa zaka Chinyanja ndi chimene chinafala m'masukulu a dera lonse, makamaka Buku Lopatulika lathunthu litatuluka mu 1922. Fizi inali makobiri ochepa, ndipo wopanda ndalama ankatha kubweretsa mazira, chimanga kapena nkhuku, kapena kugwira ntchito m'munda wa sukulu. Wolipira kawirikawiri sanali bambo wa mwana ayi, koma malume ake, chifukwa mwana ndi wa kuchikazi. Mwana amene malume ake anali pantchito kutauni anali ndi mwayi woposa anzake.

Kodi n'chiyani chinkachititsa mudzi kudzisenzetsa mtolo wonsewu? Chikhulupiriro chinalipo, ndipo sitiyenera kuchipeputsa, pakuti anthu ambiri ankafunadi kuwerenga Mawu a Mulungu ndi maso awo. Koma panalinso zifukwa za pansi pano. Boma litabwera linakhazikitsa msonkho wa nyumba, ndipo msonkho unkafuna ndalama. Anthu a kufupi ndi Zomba ankaona ndi maso kusiyana kwa munthu wonyamula katundu pamutu ndi munthu wolemba mayina a onyamulawo. Likulu linkafuna makalaliki, omasulira, amesenjala, osindikiza mabuku a boma, apolisi ndi asilikali, ndipo minda ya azungu inkafuna akapitawo odziwa kulemba matikiti. Kuwonjezera apo, amuna atayamba kupita kukagwira ntchito ku Salisbury (Harare wa lero) ndi ku Joni, makalata anayamba kufika m'midzi. Mayi wolandira kalata ya mwamuna wake ankayenera kupeza womuwerengera, ndipo zinsinsi za m'banja zinkathera m'makutu a munthu wapadera. Kukhala ndi mwana wako wodziwa kuwerenga kunali kutseka chitseko cha nyumba yako.

Komabe si midzi yonse imene inavomera, ndipo amene anakana sanali opusa. Mafumu ndi mabanja ambiri achiyao anali atalandira Chisilamu ndipo anali ndi maphunziro awoawo a kumadrasa, kumene ana ankaphunzira Kurani ndi zilembo zachiarabu. Kwa iwowa sukulu ya mishoni inali khomo lotayira mwana ku chipembedzo china, ndipo mantha amenewa anali ndi maziko, chifukwa cholinga cha sukuluyo chinalidi kutembenuza. Ana ena achisilamu amene analowa ankasintha mayina kuti alandiridwe. Zotsatira zake zinaoneka kwa zaka zambiri: madera amene Asilamu anali ochuluka anatsalira pa maphunziro a sukulu, osati chifukwa chodana ndi nzeru, koma chifukwa boma linasiya maphunziro m'manja mwa mipingo osapereka njira ina. Ine ndimaona kuti ichi ndi chimodzi mwa zolakwa zazikulu za ulamuliro wa atsamunda pa nkhani ya maphunziro, ndipo sichikambidwa mokwanira.

Panalinso kukokana pa nkhani ya chinamwali. Nyengo yokolola ikatha, anyamata ankapita ku jando ndipo atsikana ku nsondo kapena chinamwali, n'kukhala kumeneko masabata angapo. Amishoni ankatsutsa miyamboyi, anankungwi nawo ankaona mphunzitsi ngati munthu wodzaphwasula mudzi, ndipo mwana ankatsala pakati. Kupatula apo panali ntchito za tsiku ndi tsiku zimene sizikanadikira belu: kuweta mbuzi, kulera mwana, kuingitsa mbalame m'minda ya mpunga ya kuchigwa cha Chilwa, kupita ndi akuluakulu kukapha matemba. Sukulu yanzeru inkagonjera nyengo, kuyamba m'mamawa n'kuweruka dzuwa lisanafike pamutu, kapena kutsekeratu nthawi yolima. Mphunzitsi ankayamba tsiku lake poyenda khomo ndi khomo kutolera ana, ndipo kuchuluka kwa ana amene ankamutsatira kunkadalira mmene iye ankakhalira ndi anthu: ngati amafika pamaliro, ngati mkazi wake amagawana moto ndi anzake, ngati salowerera milandu ya eni mudzi.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 zinthu ziwiri zinasintha mapu a masukulu m'boma lino. Choyamba ndi kubwera kwa mipingo ina. Ansembe achikatolika a chipani cha Montfort anafika m'dziko muno mu 1901 ku Nzama, ndipo pang'onopang'ono anafalikira kum'mwera, kuphatikizapo ku Zomba kumene Nankhunda inadzakhala malo awo odziwika. A Churches of Christ anali ku Namiwawa, ndipo a Anglican anadzakhazikika ku Malosa. Popeza sukulu inali khomo la mpingo, mpingo uliwonse unkathamangira kuimika kachisakasa kake pamudzi mnzake asanafike. Mpikisanowu unali ndi zoipa zake, chifukwa unagawa midzi ndi mabanja, ndipo masukulu ena ankatsegulidwa mothamanga ndi aphunzitsi osakonzeka. Koma unapatsanso mafumu mphamvu yosankha. Mfumu yosakhutira ndi mphunzitsi wa mpingo wina inkatha kuitana mpingo wina. Mukaona masukulu awiri akale atayandikana modabwitsa, kwinaku dera lina lalikulu lilibe ngakhale imodzi, musafunefune nzeru za wopanga mapulani. Panalibe wopanga mapulani.

Chachiwiri ndi kubwera kwa Alomwe ambiri kuchokera ku Mozambique, pothawa nkhanza za ulamuliro wa Apwitikizi. Ambiri anakhazikika m'minda ikuluikulu ya azungu, kumene ankalipira malo ndi thangata, ndiye kuti kugwira ntchito m'munda wa mzungu m'miyezi yomweyo imene munda wawo unkafuna khasu. Pamalo otere mawu omaliza pa za sukulu sanali a mfumu, anali a mwini esiteti. Eni minda ena ankalola, ena ankakaniratu, poona kuti munthu wophunzira amafunsa mafunso ndipo mwana amene ali m'kalasi sakuthyola thonje kapena kusankha fodya. Chitsanzo chodziwika ndi minda ya A. L. Bruce ku Magomero, kumalire a Zomba ndi Chiradzulu. Kumeneko woyang'anira mundawo, William Jervis Livingstone, ankatentha nyumba zopemphereramo zimene otsatira a John Chilembwe ankamanga, ndipo tikumbuke kuti nyumba zoterozo ndi zomwe zinalinso masukulu. Chilembwe, amene anayamba Providence Industrial Mission (PIM) ku Mbombwe mu 1900, anali ataonetsa kuti munthu wakuda atha kuyendetsa masukulu popanda mzungu pamwamba pake. Kuukira kumene Chilembwe anatsogolera pa 23 January 1915 kunali ndi zifukwa zambiri, koma nkhani ya masukulu otenthedwa inali m'gulu la zifukwazo.

Zitachitika izi, sukulu iliyonse ya m'mudzi inasanduka chinthu chokayikiridwa. Mu nyumba ya malamulo ku Zomba, Alexander Livingstone Bruce anapempha kuti masukulu oyendetsedwa ndi aphunzitsi achikuda atsekedwe, ndipo Hetherwick anatsutsa zimenezo mwamphamvu. Masukulu a mishoni zikuluzikulu anapulumuka, koma a mipingo ing'onoing'ono ndi yoima payokha anavutika kwambiri, ndipo a PIM anatsekedwa mpaka mishoniyo inadzatsegulidwanso mu 1926. Nthawi yomweyo nkhondo yoyamba ya dziko lonse inali ikutenga amuna m'midzi, ena ngati asilikali a King's African Rifles amene likulu lawo linali ku Zomba konkuno, ochuluka ngati amtengatenga onyamula katundu wa nkhondo. Nkhondo itangotha kunagwa mliri wa chimfine wa mu 1918 ndi 1919. Mudzi wopanda amuna, wolira maliro motsatizana, sukanatha kufolera sukulu.

Apa ndi pamene pali chinthu chimene chimasokoneza aliyense wofufuza mbiri ya sukulu yaing'ono: sukuluzi sizinkayenda mzere umodzi wowongoka. Inkatsegulidwa, n'kutsekedwa mphunzitsi akasamutsidwa kapena akachotsedwa chifukwa cha mlandu wa mpingo, n'kudzatsegulidwanso patapita zaka ndi munthu wina. Mudzi ukasamuka chifukwa cha imfa zotsatizana, nthaka yoguga kapena kuthamangitsidwa pa esiteti, sukulu inkasamuka nawo, nthawi zina n'kusintha dzina, kuchoka pa dzina la mfumu n'kutenga la mtsinje kapena la woyera mtima. Njala ya mu 1949, imene inakantha kwambiri chigawo cha kum'mwera, inabalalitsanso ana ndi makolo. Ndiye agogo awiri akamatsutsana, wina akuti sukulu inayamba nthawi ya nkhondo ya Jeremani, wina akuti inayamba itatha njala, n'zotheka kuti onse awiri akunena zoona.

Boma linalowa mochedwa komanso ndi dzanja louma. Thandizo lake loyamba, cha m'ma 1907, linali mapaundi 1,000 pachaka oti mishoni zonse za m'dziko muno zigawane. Mu 1924 kunabwera gulu la Phelps-Stokes lochokera ku America kudzaona maphunziro, ndipo m'gululi munali James Aggrey wa ku Gold Coast, munthu wakuda wophunzira kwambiri amene anthu ankamuona ndi kumumva modabwa. Malangizo a gululi ndi amene anatsegula njira ya dipatimenti ya maphunziro mu 1926 ndi lamulo la maphunziro la mu 1927. Kuyambira pamenepo masukulu anagawika pawiri: othandizidwa ndi boma, amene anali ndi mphunzitsi wa satifiketi ndi nyumba yovomerezeka, ndi osathandizidwa, amene anali ochuluka kwambiri ndipo anapitiriza kudalira mpingo ndi mudzi. Kuti sukulu ichoke m'gulu lachiwiri kulowa loyamba, mudzi unkayenera kuumba njerwa, kumanga nyumba yabwino ya aphunzitsi ndi kusonyeza kuti ana amabwera mokhazikika. Kunena kwina, boma linkathandiza sukulu imene anthu aimiritsa kale okha.

Chinthu chimodzi chabwino chimene chinatuluka m'nyengoyi chinamera ku Zomba konkuno. Mu 1929 ku Domasi kunatsegulidwa Jeanes Training Centre, yotchedwa ndi dzina la Anna Jeanes, mayi wa ku America amene anapereka chuma chake kuthandiza masukulu a kumidzi a anthu akuda kwawoko. Mishoni zinkatumizako aphunzitsi odziwa ntchito pamodzi ndi akazi awo. Mwamuna ankaphunzira kaphunzitsidwe, ulimi, ukhondo ndi ntchito zamanja, mkazi n'kumaphunzira kasamalidwe ka ana, kusoka ndi zaumoyo. Akamaliza, mwamunayo ankakhala mphunzitsi woyendera, wozungulira masukulu a m'midzi angapo, kukhala pansi ndi mphunzitsi wa pamalopo, kumuonetsa kakonzedwe ka phunziro, ndi kulimbikitsa mudzi kukumba zimbudzi ndi kusamala zitsime. Pambuyo pake ngakhale mafumu ankaitanidwa kukachita maphunziro kumeneko. Kwa mphunzitsi wa kumudzi amene ankakhala miyezi osaonana ndi mnzake wa ntchito, kupatula masabata ochepa amene mishoni inkawaitanira kusiteshoni chaka ndi chaka, mlendo wotereyu anali chitonthozo chenicheni. Ntchito imene a PEA, alangizi a maphunziro a pulayimale, amagwira lero poyendera masukulu a m'zoni yawo ili ndi kholo lake pamenepa. Koma ndondomeko ya Jeanes inalinso ndi malire amene makolo anawaona msanga: inkafuna kukonzekeretsa mwana kukhala bwino m'mudzi, pamene makolo ankafuna Chingerezi chimene chikanamutsegulira ofesi. Makolowo sankalakwa, pakuti ankadziwa kumene kunali malipiro.

Makwerero ake anali opapatiza. Sukulu ya m'mudzi inkangopereka makalasi oyambirira m'chiyankhulo cha kwathu, amene pambuyo pake ankadziwika kuti Sub A ndi Sub B, mwina n'kuwonjezera Sitandade 1 kapena 2. Wofuna kupitirira ankayenda mtunda wautali kupita kusukulu yapakati, ndipo Sitandade 6, imene inali chimake cha pulayimale, inkapezeka pamishoni. Ochuluka ankalekera panjira. Sekondale kunalibe m'dziko lonse mpaka Blantyre Secondary School itatsegulidwa mu 1940, n'kutsatira Zomba Catholic mu 1942, imene ambiri timangoitcha Box 2. Ngakhale zinali choncho, makwerero opapatizawa anakweza anthu amene anadzagwedeza ulamuliro wa atsamunda. James Frederick Sangala, amene nkhope yake ili pa ndalama ya K100, anabadwira ku Naisi kufupi ndi Domasi, anaphunzira m'masukulu a mishoni, anakhalapo mphunzitsi, ndipo anali mmodzi mwa anthu amene anayambitsa Nyasaland African Congress mu 1944. Limodzi mwa madandaulo aakulu a Congress kuyambira pachiyambi linali la maphunziro operewera.

Za atsikana ndiyenera kuimapo pang'ono, chifukwa mbiri zolembedwa zimawadumpha. M'makalasi oyambirira atsikana ankakhalamo, koma ankachepa msanga kalasi ikamakwera. Mtsikana akatha msinkhu ankayembekezeka kukwatiwa, ntchito zapakhomo zinali pamsana pake, ndipo makolo sankamasuka kumutumiza kusukulu yakutali kumene akanayenda yekha m'tchire kapena kugonera kwa achibale. Komanso ntchito zolembedwa zimene zinkakopa anyamata sizinali zotsegukira akazi. Pamene atsikana anakhalitsa pasukulu, kawirikawiri pankakhala mayi wina kumbuyo kwake, ndipo nthawi zambiri anali mkazi wa aphunzitsi. Iyeyu sankalandira malipiro, koma ndi amene ankaphunzitsa kusoka, kulangiza atsikana, kutsogolera amayi a mpingo ndi kutsimikizira makolo kuti mwana wawo ali m'manja abwino. Amayi a mother group amene lero amalondola atsikana osiya sukulu akugwira ntchito imene inayamba kale, kungoti kale inalibe dzina.

Dziko litayandikira ufulu, zinthu zinathamanga. Boma la Amalawi litayamba kugwira maunduna mu 1961, Kanyama Chiume ndi amene anakhala nduna ya maphunziro, ndipo m'zaka zotsatira masukulu ambiri a m'midzi analowa m'manja mwa makhonsolo pa kayendetsedwe kake, mipingo n'kutsala ngati eni malo. Ndi pamene panachokera zilembo za L.E.A. (Local Education Authority) zimene timaziona pa zikwangwani, ndipo pulayimale inasanduka ya Sitandade 1 mpaka 8. Mu 1968 Chichewa chinakhala chiyankhulo cha fuko, ndipo mwana wa Chiyao kapena Chilomwe anapitiriza kuyamba sukulu m'chiyankhulo chimene mwina sichinali cha pakhomo pawo. Chodabwitsa n'chakuti kabadwidwe ka sukulu sikanasinthe kwenikweni. Mu 1994, boma la Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale, chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Masukulu atsopano anamera pansi pa mitengo ndi m'matchalitchi, ndi aphunzitsi olembedwa mwachangu asanapite kukoleji, ndipo anali makolo amene anaumba njerwa, kututa mchenga ndi kusonkha ndalama za mlonda, monga anachitira agogo awo.

N'chifukwa chake pa funso la umwini, ine ndimaima ndi mudzi. Mpingo unabweretsa buku, mphunzitsi ndi dzina, ndipo uyenera kulemekezedwa pa zimenezo. Boma linabweretsa malipiro, silabasi ndi mayeso. Koma nthaka, thukuta, chakudya cha mphunzitsi ndi ana enieniwo zinachokera m'mudzi, ndipo pa atatuwa ndi mudzi wokha umene ukanati wakana, sukulu sikanakhalapo.

Wofuna kulemba mbiri ya sukulu ya kwawo ali ndi poyambira, ndipo ife a ku Zomba tili ndi mwayi woti nyumba yosungira zolembedwa zakale za dziko lino, National Archives, ili m'tauni mwathu momwemuno. Adziwiretu kuti moto umene unatentha maofesi aakulu a boma ku Zomba mu 1919 unawononga zolembedwa zambiri za zaka zoyambirira, kotero za nthawi imeneyo zimapezeka kwambiri kumbali ya mipingo. Kaundula wa ubatizo wa parishi kapena wa mpingo woyandikira ndi wofunika kwambiri, chifukwa amasonyeza chaka chimene anthu a mudzi wakutiwakuti anayamba kubatizidwa mochuluka, ndipo chimenecho chimakhala chizindikiro chakuti zaka zingapo m'mbuyo mwake pamudzipo panali pataimikidwa sukulu. Mabuku a misonkhano ya akulu a mpingo amatchula aphunzitsi pamene akutumizidwa, akusamutsidwa kapena akuweruzidwa. Pasukulu penipeni pamakhala logibuku ndi kaundula wolembera ana atsopano, ngati chiswe ndi kudontha kwa denga zinawasiya, ndipo a komiti angachite bwino kupempha ahedi kuti masamba ake ajambulidwe pafoni tsopano lino.

Zotsalazo zili ndi okalamba, ndipo kafunsidwe kake n'kofunika. Mukawafunsa chaka, adzakupatsani cha pachikwangwani kapena adzangoti n'kale. Afunseni kuti mphunzitsi woyamba amene anamumva akutchulidwa anali ndani, anachokera mudzi uti, ankadya kwa yani asanakolole munda wake. Afunseni kuti malowo anali munda wa mbumba iti, mfumu inali ndani pa nthawiyo, sukulu isanabwere pano inali kuti, ndipo inasamuka chifukwa chiyani. Funsani amayi paokha, chifukwa iwo amakumbukira amene anamweta udzu ndi atsikana oyamba amene anafika Sitandade 3. Mayankho amenewa mukawaika pambali pa zaka zodziwika, monga 1915, mliri wa 1918, njala ya 1949 kapena kuphwa kwa nyanja ya Chilwa mu 1968, zaka za sukuluyo zimayamba kudzipeza zokha.